Machaloket: mafunso amene anthu amandifunsa pa za magulu a ansembe a m'Baibulo

Tikafika pa 1 Mbiri 23 mpaka 27 ambiri timangodumpha, mayina achuluka, ndipo ndisakunamizeni nanenso ndinkadumpha. Koma nthawi ya Khirisimasi ikayandikira, munthu akawerenga Luka 1 nkupeza zoti Zekariya anali wa gulu la Abiya, mafunso amayamba ndipo amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Nde ndangoti ndiwaike pamodzi.

Mawu ake a Chiheberi ndi ati, ndipo amatchulidwa bwanji?

Ndi machaloket, akakhala ambiri machlekot. Chenjerani ndi "ch" ameneyo, si wa chimanga kapena chala ayi, ndi liwu lotuluka pakhosi ngati munthu akufuna kuchotsa kaminga ka nsomba. Mabuku ena amalemba q pamalo pa k, ena amamaliza ndi th, koma mawu ndi amodzi omwewo.

Nanga tanthauzo lake?

Kugawa, basi. Muzu wake ndi zilembo 3, het, lamed ndi qof, ndipo mneni wake chalak ndi kugawa kapena kugawana. Chelek ndi gawo limene munthu walandira. Nde machaloket ndi chigawo, chinthu chimene chatuluka anthu atagawa. Mu Baibulo la Chichewa mupeza mawu ngati magulu, zigawo kapena magawidwe kutengera ndi Baibulo limene muli nalo.

Chimene ndimafuna anthu agwire ndi choti mawuwa poyamba penipeni si a ku kachisi. Pa Yoswa 11:23, 12:7 ndi 18:10 akunena za kugawa dziko kwa mafuko a Israeli, aliyense chigawo chake. Pa Ezekieli 48:29 ndi za malo zomwezo. Ndi wolemba Mbiri amene anawatenga nkuwagwiritsa ntchito kwambiri pa anthu, ansembe, Alevi, alonda a pazipata ndi asilikali.

Ndipo pali kena kake kokoma apa. Pa Numeri 18:20 Mulungu akuuza Aroni kuti iye sadzakhala ndi gawo la dziko pakati pa Aisraeli anzake chifukwa gawo lake ndi Mulunguyo, ndipo mawu oti gawo pamenepo ndi chelek yemwe uja. Ndiye kuti anthu amene sanagawiridwe munda ndi amene anadzagawiridwa nthawi, sabata iyi ndi yanu, ikubwerayo ndi ya anzanu. Ngakhale dzina la Hilikiya, mkulu wa ansembe wa nthawi ya Yosiya, likuchokera pomwepo, tanthauzo lake gawo langa ndi Yehova.

Magulu analipo angati ndipo anawagawa ndani?

24. Nkhani yake ili pa 1 Mbiri 24. Aroni anali ndi ana aamuna 4, Nadabu, Abihu, Eleazara ndi Itamara, koma awiri oyambawo anafa opanda ana nde unsembe unatsalira kwa Eleazara ndi Itamara. Davide pogawa anathandizana ndi Zadoki wa kwa Eleazara ndi Ahimeleki wa kwa Itamara, ndipo atawerenga anapeza zoti kwa Eleazara kuli atsogoleri a mabanja ambiri, choncho kumeneko kunatuluka magulu 16, kwa Itamara 8. Mlembi anali Semaya mwana wa Netaneli, Mlevi, iye ndiye ankalemba mayina pamaso pa mfumu ndi akuluakulu.

Mndandanda wake ukuyenda chonchi: Yehoyaribu, Yedaya, Harimu, Seorimu, Malikiya, Miyamini, Hakozi, Abiya, Yesuwa, Sekaniya, Eliyasibu, Yakimu, Hupa, Yesebeabu, Biliga, Imeri, Heziri, Hapizezi, Petahiya, Yehezikeli, Yakini, Gamuli, Delaya, Maaziya. Werengani ndi zala muona kuti Abiya ndi wa nambala 8.

Ndiye kuti Yehoyaribu anali bwana wa onse poti ndi nambala 1?

Ayi, ndipo funso ili ndi limene limandivutitsa kwambiri chifukwa anthu amabwera atatsimikiza kale mumtima zoti ndi maudindo, ngati ma giredi a ku ntchito. Manambala aja anatuluka ndi maere. Vesi 5 ikunena kuti anawagawa mwa maere onse mofanana, vesi 31 ikuti Alevi nawonso anachita maere, wamkulu wa banja chimodzimodzi ndi mng'ono wake, ndipo pa 25:8 za oimba akuti wamng'ono ndi wamkulu, mphunzitsi ndi wophunzira, onse maere amodzi. Wolembayo akubwereza katatu konse, akufuna musaphonye.

Nambala imangokuuzani kuti mulowa liti. Maaziya wa nambala 24 sabata yake ikakwana ankagwira ntchito yomwe ija ya Yehoyaribu, guwa lomwelo, nsembe zomwezo. Zoona, anthu ndi anthu, pambuyo pake kukhala wa gulu loyamba kunasanduka chinthu chonyadira. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wa zaka za m'ma 100 oyambirira AD, poyamba kufotokoza za moyo wake sanachedwe kutiuza kuti iye ndi wa gulu loyamba mwa 24 aja ndipo kwa iye umenewo unali ulemu waukulu. Banja la Amakabeo, ansembe amene anatsogolera Ayuda kuukira ulamuliro wa Agiriki, nalonso linali la Yehoyaribu. Koma m'malemba a Mbiri mulibe zoti woyamba amalamula anzake.

Ndinamva mlaliki wina akuti mawu ake ndi mishmar, wolondola ndani?

Onse awiri, kungoti akuyang'ana mbali zosiyana. Mishmar ndi mishmeret akuchokera ku shamar, kulonda kapena kusunga. Machaloket ikunena za mmene anthu agawidwira, mishmeret ikunena za ntchito imene gululo lapatsidwa kuti liyang'anire, titi shifiti yake. Pa 2 Mbiri 31:16 ndi 17 mawu awiriwa akupezeka limodzi. M'zolemba za arabi (aphunzitsi achiyuda) za pambuyo pake, Mishnah ndi Talmud, amene anapambana ndi mishmar, magulu 24 aja amangowatcha mishmarot. Chifukwa chimene ine ndikuchiganizira muchiona pa funso la mkangano kumunsiku.

Ndi mawu omwewo amene ali pa "dongosolo la Melikizedeki"?

Ayi. Pa Salimo 110:4 pali mawu ena, dibra, kutanthauza monga mwa, kapena mwa mtundu wa. Melikizedeki sanali gulu la nambala 25.

Ankasinthana motani?

Gulu lililonse sabata imodzi, kulowa pa Sabata kutuluka pa Sabata linalo. Josephus akunena zomwezo, ndipo 2 Mafumu 11 ndi 2 Mbiri 23 zikunena za olowa pa Sabata ndi otuluka pa Sabata. Nkhani ya wansembe Yehoyada imene ili pamenepo ndi yosangalatsa, pofuna kuchotsa Ataliya pampando nkuikapo kamwana Yoasi, iye sanalole gulu lotuluka kuti lipite kwawo, 2 Mbiri 23:8 ikuti sanamasule machlekot, nde mwadzidzidzi pakachisi panali anthu a mashifiti awiri nthawi imodzi popanda wina kudabwa kuti khamu limeneli likutani pano. Nzeru zenizeni.

Magulu 24 sabata imodziimodzi ndiye kuti gulu lililonse linkabwera pafupifupi kawiri pa chaka. Pa zikondwerero zikuluzikulu 3, Paskha, Pentekosite ndi Misasa, onse ankabwera ndipo Mishnah ikuti ankagawana mofanana nsembe za chikondwererocho. Mkati mwa gulu munalinso timagulu ta mabanja, lililonse tsiku lake.

Mishnah ili ndi timalamulo tina timene ndimakonda kuwerenga. A gulu limene lili pa ntchito sankaloledwa kumeta kapena kuchapa zovala mkati mwa sabata yawo kupatula Lachinayi polemekeza Sabata, cholinga munthu azimeta asanabwere, asafike pakachisi ndi tsitsi lanyankhalala. Vinyo a gululo ankatha kumwa usiku koma masana ayi, pamene banja limene ndi tsiku lake silinkamwa usana ndi usiku womwe.

Sabata ziwiri zokha pa chaka? Nanga nthawi yonseyo ankatani?

Ankakhala kwawo. Ansembe ambiri sankakhala mu Yerusalemu, nchifukwa chake Luka 1:23 ikuti masiku a utumiki wake atatha Zekariya anapita kunyumba kwake, ndipo pa vesi 39 tikuona kuti kwawoko ndi ku mapiri a Yudeya. Kumudzi wansembe ankaphunzitsa malamulo, kuyang'ana za khate ndi zodetsa, ndi kudzisamalira ngati wina aliyense. 2 Mbiri 31 ikuonetsa Hezekiya akuika anthu oti azigawira ansembe chakudya m'mizinda yawo monga mwa magulu awo, wamkulu ndi wamng'ono.

Ngati gulu linali ndi anthu ambiri, ankasankha bwanji wofukiza lubani?

Maere kachiwiri. Apa ndi pamene nkhani ya Zekariya imamveka bwino. Ansembe anali masauzande, amene anabwerera kuchokera ku Babulo okha pa Ezara 2 ndi 4,289, nde tangoganizani atachulukana zaka 500. Ntchito zapamwamba za tsiku zinali zochepa.

Mishnah Yoma ikufotokoza kuti poyamba ntchito yochotsa phulusa paguwa inali ya aliyense wofuna, akachuluka ankathamanga kukwera chitunda cha guwa wofika msanga ndiye watenga. Tsiku lina awiri anali pafupifupi, wina anakankha mnzake, anagwa nkuthyoka mwendo, basi akuluakulu anati kuyambira lero maere. Panali maere 4 pa tsiku, ndipo a lubani ankaitana okhawo amene sanafukizepo chiyambire. Ndiye mukamawerenga Luka 1:9 kuti maere anagwera Zekariya kukafukiza, dziwani kuti mkulu ameneyu, wokalamba kale, mwina anadikira tsiku limenelo moyo wake wonse, ndipo tsiku lomwelo ndi limene Gabrieli anamuimirira kudzanja lamanja la guwa la zofukiza. Mawu a Chigiriki amene Luka anagwiritsa ntchito ponena gulu ndi ephemeria.

Malipiro ankagawana bwanji pa tsiku losinthana?

Chitsanzo chodziwika ndi mikate 12 yoonetsa imene inkasinthidwa pa Sabata lililonse. Olowa 6 otuluka 6, ngakhale Rabbi Yehuda ankati olowa 7 otuluka 5. Olowa ankagawana chakumpoto, otuluka chakummwera, kuti aliyense aziona amene wayamba ntchito ndi amene akuweruka.

Gulu la Biliga lokha linkagawana kummwera nthawi zonse, mphete yake yomangirira nyama inakhomeredwa ndipo kabowo kake kosungira mipeni kanatsekedwa. Chinali chilango. Talmud ikupereka zifukwa ziwiri, china choti ankachedwa kubwera pa shifiti yawo, china choti Miriamu mwana wa m'banja la Biliga anakwatiwa ndi msilikali wachigiriki nkudzamenya guwa ndi nsapato yake akulinyoza. Arabi anati mwana zimene amayankhula pabwalo anazimva kwa bambo kapena mayi ake, nde banja lonse linalipira. Ine chifukwa cha kuchedwacho ndimachikhulupirira msanga, amene anakhalapo pa shifiti ya usiku kudikira mnzake wosabwera andimvetsa.

Ndi ansembe okha amene anali ndi machlekot?

Ayi. 1 Mbiri 23 ikuti Alevi a zaka 30 kupita mtsogolo analipo 38,000, mwa iwo 24,000 a ntchito ya nyumba ya Yehova, 6,000 akapitawo ndi oweruza, 4,000 alonda a pazipata, 4,000 oimba. Oimba aluso 288 anagawidwa magulu 24 a anthu 12, a kwa Asafu, Hemani ndi Yedutuni. Chaputala 26 ndi alonda a pazipata, chaputala 27 ndi asilikali, magulu 12 a anthu 24,000, awa kusinthana kwake mwezi ndi mwezi.

Ezara akungotchula mabanja 4 a ansembe, nanga 24 aja anapita kuti?

Mwawerenga bwino. Ezara 2:36 mpaka 39 ikutchula Yedaya 973, Imeri 1,052, Pasuri 1,247 ndi Harimu 1,017. Pasuri mu mndandanda wa 24 uja mulibe nkomwe. Talmud Taanit ikuti aneneri a nthawi imeneyo anatenga mabanja 4 amenewa nkuwagawanso kukhala 24 pochita maere, ndipo zikuoneka kuti mayina akale aja anabwezeretsedwa. Ngati zinali choncho, kukhala wa gulu la Abiya m'nthawi ya Herode sikutanthauza kuti magazi anu akuchokera kwa Abiya wa nthawi ya Davide, ndi dzina la shifiti. Komabe dzina la Abiya likupezeka pakati pa ansembe pa Nehemiya 10 ndi 12. Ezara 6:18, imene ili mu Chiaramu, ikuti kachisi wachiwiri atatha anaikanso ansembe ndi Alevi m'magulu awo, ndipo mawu a magulu a Alevi pamenepo ndi m'bale wake wa machaloket.

Ndiye ndi Davide anayambitsadi, kapena anangomupatsa dzina?

Mabuku a Samueli ndi Mafumu sakutchula zoti Davide anagawa ansembe magulu 24, nkhaniyi ili mu Mbiri, ndipo Mbiri inalembedwa anthu atabwerako ku ukapolo. Chifukwa cha ichi akatswiri ambiri amati mndandanda wa chaputala 24 ukuonetsa mmene zinthu zinalili pa kachisi wachiwiri, ndipo amaloza kuti mindandanda ya Nehemiya 10 ndi 12 ili ndi mayina 21 kapena 22, ngati kuti nambala inali isanakhazikike. Ena amati wolemba Mbiri anali ndi zolemba zakale za ku kachisi. Arabi nawo ali ndi yawo, akuti Mose anayamba ndi magulu 8 kenako Samueli ndi Davide anawonjezera mpaka 24. Kwa ine chimene sichikutsutsika ndi choti kusinthana pa Sabata ndi kwakale, 2 Mafumu 11 ikukudziwa kale ngakhale pamenepo ikunena za alonda, ndipo kwa wolemba Mbiri mfumu yabwino imadziwika ndi kubwezeretsa magulu, Solomoni pa 2 Mbiri 8:14, Hezekiya pa 31:2, Yosiya pa 35:4.

Pali tsiku limodzi limene dongosolo analiika pambali, potsegulira kachisi wa Solomoni, 2 Mbiri 5:11 ikuti ansembe onse amene analipo anadziyeretsa osayang'ana za magulu.

Tingagwiritse ntchito gulu la Abiya kupeza tsiku limene Yesu anabadwa?

Ili ndiye limabwera Disembala aliyense. Maganizo ake ndi osavuta, mupeze sabata ya Abiya, Elizabeti aima posakhalitsa, pa mwezi wake wa 6 Gabrieli apita kwa Mariya, muwonjezere miyezi 9, mwapeza.

Vuto ndi loti anthu awiri owerengera bwinobwino amatuluka ndi mayankho osiyana. Amene amayamba ndi Yehoyaribu kumayambiriro kwa Nisani, mwezi woyamba wa Chiyuda, chaka chilichonse amapeza Abiya cha mu Juni, nde Yesu amabadwa cha mu Seputembala kapena Okutobala nthawi ya Misasa. Amene amayambira pa zimene Talmud ikunena zoti kachisi anawonongedwa pa tsiku la 9 la mwezi wa Chiyuda wa Av gulu la Yehoyaribu lili pa ntchito, nkuwerenga chobwerera kuchokera mu 70 AD, amapeza Abiya kumayambiriro kwa Okutobala, nde Yohane amabadwa cha mu Juni, Yesu cha kumapeto kwa Disembala. Onse akugwiritsa ntchito vesi imodzi yomweyo.

Gulu linkabwera kawiri pa chaka ndipo Luka sakunena kuti unali ulendo uti. Sakunenanso kuti Elizabeti anaima patapita masiku angati, akungoti atatha masiku amenewo. Onjezani mwezi wa 13 umene Ayuda ankaika zaka zina. Nde munthu akakutumizirani ka tchati kokongola kotsimikiza tsiku, mufunseni kuti wayambira pati kuwerenga, yankho lake lonse lagona pamenepo.

Nanga mipukutu yakale imene inapezeka m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ikuthandizapo?

Ikuonetsa mmene anthu ena ankawerengera, osati mmene kachisi ankayendera. M'phanga la nambala 4 munapezeka zidutswa zimene akatswiri amazitcha Mishmarot, za kalendala ya masiku 364, masabata 52 ndendende. Pa kalendala imeneyo magulu amazungulira zaka 6, masabata 312, gulu lililonse maulendo 13, kenako zimayambiranso. Anthu amenewa ankatchula masiku ndi mayina a magulu, tsiku lakuti la sabata ya gulu lakuti, chonsecho anali atakangana ndi ansembe a ku Yerusalemu ndipo kalendala yawo inali yosiyana.

Akulu 24 a pa Chivumbulutso 4 ndi magulu omwewa?

Ambiri amalumikiza, poti akuluwo ali ndi azeze ndi mbale za zofukiza pa chaputala 5, ntchito za oimba ndi ansembe. Ena amati ndi mafuko 12 kuphatikiza atumwi 12. Yohane sanamasulire.

Mnzanga amene anaphunzira Chiheberi cha masiku ano akuti machloket ndi mkangano. Zikugwirizana bwanji?

Sakunama. Mu Chiheberi cha arabi mpaka lero machloket ndi kusiyana maganizo, mtsutso. Ndipo sizovuta kumvetsa, ngakhale ife timati mpingo wagawikana, mudzi wagawikana pa za ufumu, mneni wake ndi womwe uja wa kugawa nsima. Kugawa kwa dongosolo ndi kugawikana kwa mkangano muzu ndi umodzi. Mishnah Avot ikusiyanitsa machloket ya chifukwa cha Kumwamba, chitsanzo chake aphunzitsi awiri otchuka Hillel ndi Shammai, ndi ina yosakhala ya Kumwamba, chitsanzo chake Kora ndi gulu lake. Taonani kuti Kora uja mkangano wake unali wa chani, unali woti ndani ayenera kufukiza pamaso pa Yehova, nkhani yomwe ija imene maere anadzaithetsa. Mawuwa atatenga tanthauzo la mkangano nzosadabwitsa kuti magulu a ansembe anatsala ndi dzina la mishmarot.

Kuti ndimalize za muzuwu, palinso chalak wina wa zilembo zomwezo wotanthauza kusalala, Yakobo munthu wosalala pa Genesis 27:11, timiyala 5 tosalala ta Davide. Nchifukwa chake dzina la malo pa 1 Samueli 23:28, Sela Hamalekoti, pamene Sauli anasiya kuthamangitsa Davide atamva za Afilisti, ena amati thanthwe la kulekana ena thanthwe la kupulumuka, ngati munthu woterera m'manja.

Kachisi atagwetsedwa mu 70 AD magulu anathera pomwepo?

Ntchito inatha koma mayina ayi. Mabanja a ansembe anakumbukiridwa ndi midzi ya ku Galileya, gulu lililonse mudzi wake, ndipo mindandanda imeneyi inkalembedwa pa miyala nkuikidwa m'masunagoge. Mu 1962 ku Caesarea anafukula zidutswa za mwala wotere, ndipo pa chimodzi pali dzina la Nazareti, mudzi umene mndandandawo umaupereka kwa Hapizezi, gulu la nambala 18. Mwala wina unapezeka kutali ku Yemen, pa mudzi wa Bayt al-Hadir. Ku Yerusalemu mu chigwa cha Kidroni mukadali manda osemedwa m'thanthwe a ansembe a banja la Heziri, dzina la nambala 17 pa mndandanda uja, olembedwa mu Chiheberi.

Ndipo zolemba za ku Cairo Geniza, chipinda chosungiramo zolemba zakale m'sunagoge wina ku Igupto, zikuonetsa kuti patapita zaka mazana ambiri guwa kulibe, m'masunagoge ena pa Sabata ankalengezabe kuti lero ndi Sabata, gulu la sabata ino ndi lakuti.